Kaikidwe ka nyale yamagetsi yopha ntchentche ndi tizilombo touluka

Mwafunsa za kaikidwe ka nyale ya buluu ija yokoka tizilombo n'kutipha ndi magetsi. Musanayambe mukhale ndi soketi yabwinobwino pafupi, msomali kapena mbedza, kaburashi kouma, ndi sikuludiraiva ya chigwiriro cha pulasitiki.

1. Sankhani malo amdima pang'ono, kutali ndi windo kapena babu lowala kwambiri, apo ayi tizilombo tizithamangira kumeneko.

2. Ipachikeni mamita awiri kuchokera pansi, poti ana sangafikire komanso mvula singaigwere.

3. Apa ndi pomwe ambiri amalakwitsa, amaiika pamwamba pa tebulo lodyera kapena pa kauntala ya nyama mu butchala. Chonde osatero. Ntchentche ikagunda mawaya amagetsi a mkati mwa nyaleyi imaphulika ndiye tizidutswa take timagwera mu chakudya momwemo, nyaleyo ikhale patali ndithu. Osaiyang'anitsanso kukhomo, muzingoitana tizilombo ta panja kulowa mnyumba.

4. Lumikizani, yatsani, isiyeni usiku onse.

5. Sabata iliyonse zimitsani, zulani pulagi, kenako gunditsani sikuludiraiva pa mawaya awiri oyandikana kuti magetsi otsalira atuluke chifukwa imathabe kukushokani ngakhale itazima. Mukatero tsanulani kathileyi ka pansi, pukutani ndi burashi, osathira madzi.

6. Chubu chowala cha mkati mwa nyaleyi muzisintha pakatha chaka, chimaoneka chikuyaka koma kuwala kokoka tizilombo kumakhala kutachepa.

Koma udzudzu musadalire nyaleyi, iwo umatsata mpweya wathu ndi fungo la thupi osati kuwala, ndiye neti yonyikidwa mankhwala muzigonamobe, makamaka ana ndi amayi oyembekezera.