Si nkhani iliyonse yopita nayo kukhoti kuno ku Joni

Abale okhala m'mafulati a ku Hillbrow, Yeoville ndi Rosettenville, komwe mabanja atatu amaphikira pa sitovu imodzi, mikangano siisowa. Uyu watapa shuga wa mnzake, uyo waphwanya kapu. Musanakwere taxi wopita kupolisi, dziwani kuti makhoti a ku South Africa amatsatira mfundo yakale ya m'Chilatini yoti de minimis non curat lex, kutanthauza kuti lamulo silitaya nthawi ndi tinthu tachabechabe. Mu 1980, pa mlandu wa Kgogong, khoti la apilo linamasula munthu amene ankaimbidwa mlandu woba kapepala kopanda phindu lililonse. Za shuga ndi kapu kakambiraneni kwa mkulu wa mpingo kapena wapampando wa bungwe lanu la maliro, zithere komweko.

Koma musamve molakwa. Mfundoyi si chilolezo chosolola sopo m'sitolo poganiza kuti ndi wa R15 chabe. Woweruza sayang'ana mtengo wokha, amaonanso cholinga cha munthu, ndipo mlandu wakuba ukalembedwa pa dzina lanu ungakuvutitseni pokonzetsa mapepala.

Pomwe ambiri timaluza ndi pa ngongole. Munthu wabwereka R800 kwa inu, miyezi ikupita, foni sakuyankha, inu n'kungoti ndi zochepa, khoti lingandiseke. Ayi ndithu! Ndalama zotere zili ndi bwalo lake, Small Claims Court, lomwe limamva milandu ya ndalama zochepa (mu 2019 malire ake anaikidwa pa R20,000). Maloya saloledwa kuimira munthu kumeneko, mumadzilankhulira nokha, ndipo kalaliki wa khoti amakuthandizani kulemba zikalata kwaulere. Choyamba mulembereni wangongoleyo kalata yomupatsa masiku 14 kuti abweze, ndipo musunge umboni woti kalatayo anailandira. Akapanda kubweza, m'pamene mumakatenga samani. Mauthenga a pa WhatsApp pomwe akuti "ndikupatsani kumapeto kwa mwezi, achimwene" musafufute. Asindikizeni pamodzi ndi lisiti lotumizira ndalama. Komanso musagone nayo, chifukwa ngongole wamba imafa pakatha zaka 3.

Ngati ndi landilodi amene wakaniza dipoziti, pitani ku Rental Housing Tribunal ya Gauteng, bwalo lomva madandaulo a nyumba za lendi, nakonso salipiritsa. Bwana akakuchotsani ntchito mopanda chilungamo, kadandauleni ku CCMA, bungwe lomva madandaulo a pantchito, pasanathe masiku 30.