Kutolera ndalama potsata chithunzi: yambani ndi njovu ya pa K50

Tembenuzani K50 yapepala imene mwapatsidwa ngati chenji ku golosale. Kutsogolo kuli Inkosi ya Makhosi Gomani II, kumbuyo kuli njovu za ku Kasungu National Park. Kwa munthu wa kuno ku Kasungu amene akufuna kuyamba kusunga ndalama zakale ndi zatsopano, palibe poyambira potchipa kuposa pamenepa.

Ambiri amayamba ndi kuunjika chilichonse m'chitini: ya Kamuzu, ya ku Joni, ya ku Zambia, zonse pamodzi. Pakatha chaka chitini chadzaza, koma mwiniwake sadziwa chimene ali nacho ndi chimene chikusowa. Njira yabwino ndi kusankha chithunzi chimodzi n'kumachilondola m'zaka ndi m'maiko. Mukatero mumadziwa chofunsa kwa agogo, chogula ndi chosiya.

Kusankha chithunzi

Chithunzi chikhale chopezeka pa ndalama zosachepera zisanu zimene mungathe kuzipeza musanatuluke m'boma lino. Mukasankha chosowa kwambiri mugwa ulesi mwezi usanathe. Mukasankha chotakata, monga "nyama zonse", mwabwereranso ku chitini chija.

Njovu ndiyo yokoma kuyambira. Yakale kwambiri imene mungaipeze m'midzi ndi khobidi la Rhodesia and Nyasaland, lija loboola pakati, lokhala ndi njovu ziwiri zoimirira uku ndi uku kwa bowo. Linayamba kutuluka mu 1955, nthawi ya chitaganya. Dziko litalandira ufulu mu 1964, njovu inaikidwa pa ndalama ya masheleni awiri. Mu 1971, pamene kwacha inalowa m'malo mwa paundi, paundi imodzi inkasinthidwa ndi K2. Ndiye kuti sheleni imodzi inasanduka 10 tambala, masheleni awiri 20 tambala, ndipo zithunzi zake zinangosamukira komweko: njovu pa 20 tambala, ngala za chimanga za pa sheleni pa 10 tambala. Mukaika ya masheleni awiri pambali pa 20 tambala muona kuti ndi pachibale. Kenako pali K10 yachitsulo ya 2012 ndi K50 yapepala ija. Zakwana zisanu.

Zakunja zimabwera pambuyo. 50 ngwee ya ku Zambia, mwa ndalama zimene zinayamba kugwira ntchito pa 1 January 2013 atachotsa maziro atatu, ili ndi njovu, ndipo imapezeka mosavuta kwa anthu oyenda njira ya Mchinji kupita ku Chipata. R20 ya ku South Africa ili ndi njovu, 10,000 shilingi ya ku Tanzania chimodzimodzi.

Amene amakonda mbiri ya ndale asankhe chithunzi cha tambala, nkhuku yaimuna ija. Anali pa sikisipensi ya 1964, anadzakhala pa 1 tambala mu 1971, n'kufika pa K1 yachitsulo ya 1986. Boma litasintha mu 1994, tambala uja, amene anthu ankamuona ngati chizindikiro cha chipani cha MCP, anachoka: pa 1 tambala panabwera nsomba ziwiri, pa K1 panabwera nkhwazi, ndipo nkhope ya Bakili Muluzi inalowa m'malo mwa ya Kamuzu. Tsamba limodzi lokhala ndi ndalama zimenezi motsatana limafotokoza nkhani imeneyi popanda mawu ambiri.

Nkhwazi nayo ndi yolemera. Ili pa masheleni awiri a chitaganya itagwira nsomba, ili pa K1 ya 1996 ndi ya 2012, ili pamwamba pa chizindikiro cha boma la Malawi, ndipo ndalama zapepala za ku Zambia zakhala nayo kutsogolo kwa zaka zambiri. Apa muyenera kudziikira lamulo msanga: kodi nkhwazi yaing'ono ya pa chizindikiro cha boma mukuiwerengera kapena ayi? Ine ndinganene kuti ayi, apo bii pafupifupi khobidi lililonse latsopano lilowa ndipo mutu wanu usungunuka.

Mitu ina mwachidule. Ntchito ndi chakudya: amayi osinja pa K5 yapepala yakale ya nkhope ya Chilembwe, othyola tiyi pa K20 yake, asodzi pa K5 yachitsulo ya mitundu iwiri ya 2006, nkhokwe za chimanga za ku Mzuzu pa K1,000. Maphunziro: ana ophunzira panja pa K10 ya Chilembwe, College of Medicine pa K100, yunivesite ya MUST ya ku Thyolo pa K2,000 ya 2016. Nkhope ya Kamuzu, mwana wa kuno, inayamba pa ndalama za 1964, inazimiririka, n'kudzabwereranso pa K1,000 mu 2012 ndi pa K5,000 mu 2022. Koma mutu umenewu umadya ndalama, chifukwa K5,000 yosungidwa ndi K5,000 yosagulira ndiwo.

Kope libwere ndalama zisanachuluke

Gulani kope lachikuto cholimba. Ndalama iliyonse ikhale ndi mzere wake: nambala imene mwaipatsa, dziko, mtengo wolembedwapo, chaka, chithunzi cha mbali zonse ziwiri, mmene ilili, kumene mwaipeza ndi zimene mwalipira. Ku mapeto a kope lembani mndandanda wa zimene mukusaka. Tsamba la pa intaneti la Numista lili ndi zithunzi za ndalama za maiko ambiri, ndipo limathandiza kudziwa zaka zimene mtundu uliwonse unatuluka.

Muzikhala ndi diso pa zinthu zing'onozing'ono. Makobidi oyambirira a tambala analembedwa MALAWI, koma a zaka zotsatira ali ndi kadenga pamwamba pa W, kuti MALAŴI. Kwa wotolera, amenewa ndi makobidi awiri osiyana. Pa ndalama zapepala onani deti ndi siginecha ya gavanala wa Reserve Bank. K50 ya njovu yomweyo imasiyana malinga ndi amene anasaina, monga Perks Ligoya, Charles Chuka kapena Dalitso Kabambe. Kamera ya foni ikwanira kukulitsa timalemba ngati mulibe galasi lokulitsira.

Maginito, ngakhale a sipikala yakufa, ndi chida china. Ena mwa makobidi ofiira a 1 ndi 2 tambala ndi amkuwa, ena ndi chitsulo chongokutidwa mkuwa pamwamba. Lamkuwa silikakamira ku maginito, lachitsulo limakakamira. Kulungani khobidi m'kapepala musanayese kuti lisakandike. Zimenezi muzidziwe chifukwa lachitsulo likangokandika limachita dzimbiri msanga.

Kozipeza

Zapepala zamakono pemphani ku banki, muuze wokuthandizani kuti mukufuna zatsopano zosapinda. Mutenge envelopu ndi buku, muziike pomwepo. Ikalowa m'thumba la thalauza n'kukwera nayo kabaza, yatha. Zimene zazungulira m'misika ya Nkhamenya, Santhe kapena Chinkhoma nyengo ya fodya zimakhala zitamwa thukuta ndi mafuta, zongoyenera kugwirizira malo podikira yabwino.

Zakale zili m'masutikesi a achikulire, makamaka amene anagwirapo ntchito ku migodi ya ku Joni kapena m'mafamu a ku Harare. Pitani mwaulemu, mufotokoze chimene mukufuna ndi chifukwa chake, ndipo muvomere akakana. Ndalama ina imasungidwa ngati chikumbutso cha malemu. Akakupatsani, funsani kuti anaipeza kuti ndipo liti, mulembe m'kope. Musatenge kwa ana makolo asakudziwa, zimenezo zimabala milandu kwa amfumu.

Kusinthana ndi anzanu kumayenda bwino kuposa kugula. N'chifukwa chake mukapeza ziwiri zofanana musataye imodzi.

Kuona mmene ilili

Gwirani khobidi m'mphepete ndi chala chachikulu ndi chamkombaphala, osati pankhope. Thukuta lili ndi mchere, ndipo chidindo cha chala chikakhazikika pa mkuwa sichichoka. Yang'anani malo otukuka, chifukwa ndi amene amayamba kuperepeseka: khutu ndi minyanga ya njovu, maso a chimanga, nthenga za nkhwazi, tsaya la nkhope ya kutsogolo. Ngati maso a chimanga akuwerengeka limodzilimodzi, khobidilo ndi labwino. Ngati ngala yangokhala see ngati yokokotedwa, ndi lotha. Magulu anayi akukwanirani: latsopano, labwino, loyenda kwambiri, lotha. Lobooledwa ndi msomali kapena lopindika limapita ku gulu lomaliza ngakhale chithunzi chikuoneka. Koma bowo la khobidi la chitaganya lija ndi lobadwa nalo.

Yapepala iyang'aneni chopendeketsa pafupi ndi windo kuti mizere ya mopindidwa ioneke. Kenako iunikeni ku dzuwa muone chithunzi chobisika m'pepala ndi kaulusi kodutsa mkati. Yopanda zimenezi, kapena yoterera ngati pepala la fotokope, ikayikireni.

Musatsuke

Apa ndi pamene ambiri amaonongera. Khobidi lakuda limaoneka ngati likupempha phulusa, mchenga, mandimu kapena Brasso. Zonsezi zimadya khungu la pamwamba la chitsulo. Likhoza kuwala tsiku limenelo, koma pansi pa galasi muona timizere tambirimbiri, ndipo wodziwa akangoliona amatsitsa mtengo kapena kulikana kumene. Mtundu wodera umene mkuwa umatenga ndi zaka si litsiro, ndi chikopa chimene chimauteteza. Pa makobidi ongokutidwa aja, kukwecha kumafika pa chitsulo chamkati, dzimbiri n'kuyamba mvula yoyamba.

Ngati pali dothi lenileni, monga pa khobidi lofukulidwa polima, liviikeni m'madzi oyera a batire, aja ogula m'botolo osati asidi, kwa tsiku limodzi kapena awiri. Madzi a pa mjigo amasiya mchere. Dothi likafewa lichotseni ndi kamtengo kofewa konyowa, mopepuka, kenako gunditsani pa nsalu ya thonje mosapukuta, lisiyeni liume mbali zonse. Lokhala ndi zobiriwira zonga ufa lipatuleni kwa anzake, lisungidwe palokha pouma.

Yapepala siichapidwa, siisitidwa, siimatidwa selotepi, ndipo koposa zonse musakaichititse lamineshoni. Pulasitiki ija imamatirira ndi moto ndipo siichokanso. Yokwinyika iikeni pakati pa mapepala awiri oyera osalembapo, muitsindike ndi mabuku olemera kwa sabata ziwiri. Nyuzipepala ayi, inki yake imasamukira pa ndalama. Musalembepo nambala yanu ya m'kope. Kuwonjezera pa kuiononga, kulemba kapena kuboola ndalama imene ikugwira ntchito n'koletsedwa.

Kosungira

Khobidi lililonse likhale m'kaenvelopu kakekake. Dulani pepala loyera n'kupinda timatumba ta masentimita 5 mbali zonse, mulembe nambala ndi pensulo musanaikemo khobidi. Akakhala pamodzi amakhulana, komanso zitsulo zosiyana zikagundana pachinyezi zimadetsana. Pewani mapulasitiki ofewa onunkha ngati nsapato za jombo zatsopano. Amenewo ndi a PVC, ndipo pakapita miyezi amatulutsa mafuta omata amene amasiya zobiriwira pa khobidi. Malastiki omangira ndalama amasungunuka ndi kutentha kwa mu October n'kusiya mzere pa pepala. Mapini ndi mastepulo amachita dzimbiri.

Adani akuluakulu kuno ndi chinyezi cha pakati pa December ndi March, chiswe, njenjete ndi makoswe. Ikani zonse m'chitini chotseka bwino, muponyemo timaphukusi tiwiri kapena titatu ta timibulu toyamwa chinyezi, tija topezeka m'mabokosi a nsapato zatsopano. Chitini chikhale pa shelefu, osati pansi, osati chotsamira khoma, osatinso m'chipinda mosungira feteleza kapena fodya. Mwezi uliwonse wa dzinja tsegulani tsiku louma muone. Mukafuna kupachika zina pakhoma, sankhani pamene dzuwa silifika, chifukwa limafwifwitsa utoto wa zapepala.

Za mitengo

Makobidi a tambala anapangidwa ambirimbiri, choncho loyenda kwambiri silidula, ngakhale likhale la 1971. Chimene chimakweza mtengo ndi kusowa kwake ndi kukhala kwake kwatsopano, osati ukalamba wokha. Pamakhala anthu oyendayenda ndi mauthenga a pa WhatsApp onena kuti khobidi lakutilakuti likugulidwa mamiliyoni, bola muyambe mwatumiza ya mayendedwe kapena yoliyezera. Wogula weniweni sapempha ndalama kwa wogulitsa. Pogula kwa munthu wa pa Facebook, muuzeni ajambule mbali zonse ziwiri ndi m'mphepete, ndalamayo ili pambali pa kapepala kolembapo deti la tsikulo, ndipo ngati n'kotheka mukumane masana pamalo a anthu. Mukamapita kukasinthana ku Chipata, tengani zochepa zokha zimene mwagwirizana, ndipo funsani pa chipata cha Mchinji za malire a ndalama zololedwa kutuluka nazo musanawoloke.