Timawu ta Chingerezi tomwe tikuluzitsa anthu ntchito ndi ndalama ku Joni

Munthu wa ku Nsanje, ku Bangula kapena ku Ngabu amakwera basi ku Blantyre atakonza zonse: pasipoti, ndalama za m'njira, nambala ya mbale wokamuchingamira pa Park Station. Chomwe sakonza ndi pakamwa. Sindikunena Chingerezi cha mayeso a Fomu 4 ayi. Ndikunena timawu ta kufika, kuonekera ndi kuyenda kwa zinthu, tomwe bwana, wapolisi ndi ajenti amatchula tsiku lililonse, ife n'kumangogwedeza mutu ngati tamva.

Zing'onozing'ono tidutsepo msanga. Mzinda ndi "arrive in", malo ang'ono ndi "arrive at", ndipo "reach" safuna "to" kutsogolo kwake. Mukalakwitsa pamenepa palibe angakumangeni. Koma bwana akati "I couldn't reach you", sakunena kuti anabwera kunyumba kwanu. Anaimba foni osakupezani, ndipo ganyuyo wapatsa wina. Foni izikhala ndi moto, achimwene.

Lomwe limatipweteka kwambiri ndi "I'm coming". Kwathu munthu akamatuluka pang'ono amati "ndikubwera", tonse timamva. Mukalitembenuza momwemo, bwana akumva kuti mukudza kwa iye pamene akuona msana wanu ukulowera kugeti, ndiye amakutengani ngati wabodza kapena wamwano. Nenani "I'll be back in ten minutes". Pa foni musanene "I'm coming" mukadali pamzere wa takisi ku Diepsloot. Tchulani ola: "I'll get there by eight". Eni dziko nawo ali ndi zawo. "Just now" wa ku South Africa si pompano, akhoza kukhala madzulo kapena mawa. "Now now" ndi wofulumirako, koma nayenso alibe ola. Funsani kuti "What time?" ndipo musachite manyazi.

"Turn up" ndi "show up" ndi kufika pamalo pomwe akukuyembekezerani. Akalemba kuti "he didn't show up", kapena kukutchulani "no-show", dzina lanu ladetsedwa. Ngati simutha kupita, mawu ake ndi "I can't make it today", ndipo muwatumize ntchito isanayambe, polemba pa WhatsApp kuti umboni utsale. Kutuma mnzanu kuti akakunenereni ndi za kumudzi. "Something came up" ndi kunena mwaulemu kuti chagwa china mwadzidzidzi, koma bwana amalandira kamodzi kokha. Mukadwala kupitirira masiku awiri otsatizana, lamulo la kumeneko limalola bwana kufuna kalata ya dokotala asanakulipireni masikuwo. Mukangosowa osanena kanthu, amalemba "absconded", kuti mwathawa ntchito. Amene wachotsedwa mopanda chilungamo ali ndi masiku 30 okha okadandaula ku CCMA, bungwe loweruza mikangano ya pantchito, ndipo ngakhale wopanda mapepala okwanira dandaulo lake limamvedwa. Ambiri masikuwo amathera kulira m'chipinda.

Tsono "appear". Pepala la apolisi likati "appear in court" pa tsiku lakuti, si kukuitanani kuphwando. Mukapanda kupita, khothi limatulutsa chikalata chokumangirani. "Report to" ndi chimodzimodzi: mukaonekere nokha, ndi thupi lanu, pa ofesi yotchulidwayo. Ndipo musathamangire kulipira chindapusa cha "admission of guilt" pofuna kutuluka msanga. Kusaina pamenepo ndi kuvomera mlandu, ndipo dzina lanu likhoza kulowa m'kaundula wa olakwa, womwe udzakutsatani pofunsira ntchito ndi mapepala.

Apa ndiye mundimvere bwino, chifukwa ndi pomwe pakuthera thukuta la anthu. Madobadoba a mapepala amadziwa kuti Chingerezi cha kuyenda kwa zinthu chimatiziziritsa mtima. Mwamupatsa pasipoti ndi theka la ndalama. Sabata yoyamba akuti "it's in progress". Yachitatu, "it's coming along nicely". Mukayamba kulusa, "your name came up yesterday", ngati kuti pali mzere wina wake womwe dzina lanu lafika kutsogolo, ndiye pakufunika kandalama kena ka munthu wa m'kati. Kenako "it will come through on Friday". Tamvetserani bwino mawu onsewa: mulibe tsiku loperekera fomu, mulibe nambala, mulibe dzina la ofesi. Ndi kupalasa bwato lomangirira pa dooko, mkono ukutopa koma tsidya silikuyandikira. Mawu omaliza amakhala "it fell through", kutanthauza kuti zalephereka, ndipo foni yake imazima sabata yomweyo. Choipitsitsa n'chakuti ambiri mwa anthuwa ndi athu omwe. Amayamba ndi Chisena kapena Chimang'anja, kukufunsani za mvula ku Makhanga ndi za abale ku Nchalo, koma ikafika nkhani ya ndalama Chingerezi chimayamba.

Pamene iye akuti "in progress", masiku anu akutha. Pasipoti ya Malawi imapatsidwa masiku osapitirira 30 polowa ku South Africa ngati mlendo. Kuchokera mu 2014, wopitiriza masiku salipiranso chindapusa pachipata, amalembedwa "undesirable". Kupitiriza ndi masiku osaposa 30 ndi chiletso cholowanso m'dzikomo cha chaka chimodzi, kuposa pamenepo ndi zaka 5. Wogwidwa m'kati mwa dziko akhoza kukathera ku Lindela, malo otsekera alendo opanda mapepala ku Krugersdorp, kudikira kubwezedwa. Ndiponso malamulo omwewo salola mlendo wamba kusintha chilolezo cha ulendo kukhala cha ntchito ali m'dzikomo, kupatula pa zifukwa zapadera zochepa. Ndiye amene akuti akusinthirani zimenezi ali pa Hillbrow akukugulitsani chinthu chomwe kulibe. Za kupereka pasipoti kwa wa basi kuti akakudinditsireni pa chipata cha Beitbridge inu muli pantchito, musandiyambitse. Chidindo chikakhala chabodza, mlandu umagwera mwini pasipoti.

Mafomu enieni a zilolezo a Home Affairs, unduna woona za olowa ndi otuluka m'dzikomo, amadzera ku kampani ya VFS Global, mumapita nokha kukajambulitsa zala, ndipo mumatuluka ndi lisiti lokhala ndi nambala yomwe mungathe kulondola nokha pa intaneti. Kumeneko "pending" amatanthauza kuti fomu yalandiridwa koma chigamulo sichinaperekedwe. Si kuti zatheka, musayambe kuitanitsa banja kuchokera ku Chikwawa.

Aliyense wokuuzani kuti zinthu zikuyenda, mufunseni mafunso atatu awa ndipo muwaloweze pamtima: "When was it submitted?", "What is the reference number?" ndi "Which office has it?" Akayankha kuti mum'khulupirire chifukwa ndinu a kumodzi, muuzeni kuti "I want my passport back today", ndipo popita kukaitenga mutengane ndi munthu wina wamkulu woti akhale mboni.