Nsalu yapansi si chikopa cha ng'oma amayi

June yense ndakhala ndikuyendera magulu a amayi osoka zofunda za zigamba za zitenje kuno ku Dedza ndipo vuto ndi limodzi lomwelo, chofunda chikangochoka pa felemu, matabwa omangirapo nsalu aja, basi matumbamatumba pamwamba ponse. Ena akunamizira mashini, ena akuti faiba, wofewa uja woika pakati pa nsalu yapansi ndi zigamba, wa masiku ano ngoipa. Ayi ndithu, ndi manja anuwo.

Mukumakoka nsalu yapansi ija pa matabwa mpaka kumalira ngati ng'oma. Nsalu ya thonje ikakokedwa imatamuka, ndiye mwayala faiba pakati, zigamba pamwamba zili phee zosakokedwa, mwagwiriza zitatu zonsezo ndi ulusi. Mukangomasula zopanira m'makona yapansi ija imabwerera mwake, yapamwamba ilowera kuti? Imangotukumuka. Simbi siingathetse zimenezo olo muike makala odzadza, mpaka musomole ulusi wonse muyambirenso, masiku apita ulusi wapita, ndipo mukakakamira kupita nacho pa mashini chonchi makwinya aja amasokedwera momwemo, kasitomala akawona akudulani mtengo pakati inu nkumati anthu alibe chisoni.

Ndikanena mumati amayi athu ankatero. Amayi anu ankasokera pa mphasa, felemu anaiona kuti?

Mayi wina mlimi wa kachewere anagulitsa matumba awiri kuti agule faiba ndi nsalu yapansi, pomanga anaitana bambo akunyumba kuti adzathandize kukoka poti iwo ndi amphamvu. Bambowo anaponda thabwa ndi phazi nkukoka ngati akumanga katundu pa njinga. Chofunda chinatuluka chopindika ngati lichero, pano akufunda ana, mayiwo akuseka okha pofotokoza koma ine sizinandiseketse.

Mwachidule poti nthawi yatha: nsalu yapansi ndi faiba zipose zigamba ndi masentimita 10 mbali zonse. Kokani nsalu yapansi pongochotsa makwinya, mukaika dzanja pakati izitsikako pang'ono. Makona a felemu akhale owongoka musanapane. Gwirizani ndi ulusi woyera, wakuda umatha kusiya mtundu, masitichi aatali ngati masentimita 4, mizere italikirane ngati chikhatho chanu. Yambirani m'mphepete mpaka pomwe mkono wafika, kenako kulungani pa matabwa awiri oyang'anana muzisendera pakati, ndipo pokulungapo bambo asayandikire.