Kumanga khoma la matabwa pamwamba pa pansi potenthetsedwa ku Britain

Nyumba zambiri zatsopano ku Britain zimatenthetsedwa kuchokera pansi, ndipo mukafuna kugawa chipinda chachikulu kuti m'bale wobwera kapena mwana akhale ndi pogona pake, musaboole pansi, ngakhale kabowo kamodzi, chifukwa mungaboole paipi kapena waya wotenthetsera.

Yambani mwadziwa chomwe chili pansipo. Ngati zotenthetsera ndi za madzi otentha, muli mapaipi apulasitiki a 15 kapena 16 mm, otalikirana 100 mpaka 200 mm, okwiriridwa m'screed, chophimba cholimba chimene amathira kuti pansi pasalale. Screed ya mchenga ndi simenti imakhala yokhuthala 65 mpaka 75 mm, koma yothira ngati phala, ya anhydrite, ndi yopyapyala: paipi imatha kukhala 30 mm chabe kuchokera pamwamba. Ngati ndi za magetsi, waya ali m'zomatira za matailosi, mamilimita ochepa pansi pa phazi lanu. Wayayu safunanso kuphimbidwa ndi chinthu chosasuntha chifukwa amatentha mopitirira n'kupsa, choncho funsani kampani imene inapanga musanaimikepo khoma.

Kuti muone mapaipi, zimitsani zotenthetsera usiku wonse, m'mawa muyatse, ndipo pakatha mphindi 20 mpaka 40 yang'anani ndi kamera yoona kutentha. Mapaipi amaoneka ngati mizere yowala yokhotakhota. Mukachedwa pansi ponse pamafunda, mizereyo n'kuzimiririka. Ilembeni ndi choko, muijambule pafoni.

Thabwa la pansi pa khomalo limamatidwa, silikhomeredwa. Gulani matabwa a CLS (opalapala, omangira makoma) a 38 x 63 kapena 38 x 89 mm ndi zomatira zamphamvu zosauma gwa, monga CT1. Zimitsani zotenthetsera maola 24 mpaka 48 musanayambe, chifukwa pofunda zomatira zimauma pamwamba zisanagwire. Pansi pakhale popanda fumbi ndi mafuta. Apa ndi pamene ntchito za anthu ambiri zimalephera: screed ya anhydrite imakhala ndi kachikungu kofumbutuka pamwamba, ndipo mukamata osapala ndi sandipepala ndi kupaka primer (mankhwala othandiza zomatira kugwira), thabwalo limanyamuka ndi kachikunguko. Ngati pali laminate (timatabwa toyala pansi), dulani mpata wa khomalo, musiye 10 mm mbali zonse. Laminate imafufuma ikatenthedwa, ndipo ikapanikizidwa ndi khoma imatukuka pakati pa chipinda.

Mphamvu yeniyeni ya khomali imachokera kumwamba ndi m'mbali. Thabwa lapamwamba limangeni ndi masikuluwu a 100 mm m'mitanda ya siling'i, osati m'plasterboard (bolodi lotsekera siling'i ndi makoma) mokha. Ngati khoma likuyenda motsatana ndi mitandayo, ikani timatabwa topingasa pakati pake. Matabwa a kumapeto amangiridwe ku makoma akale, mutayamba mwafufuza mawaya ndi mapaipi. Tsitsani mzere ndi levulo kuti thabwa la pansi lilunjike ndi lapamwamba, pakani zomatira mizere iwiri, likanikizeni, kenako imikani matabwa oima motalikirana 400 kapena 600 mm, kuyeza pakati ndi pakati, kuti plasterboard ya 1200 x 2400 mm izithera pathabwa. Adulidwe motalikirapo ndi 2 mm kuti apanikize thabwa la pansi. Samalani ndi masikuluwu olumikizira pansi apa: thabwalo ndi 38 mm basi, ndipo sikuluwu yaitali yolowa mopendekera imapyola n'kukafika kumene mumapewa kuja.

Pakhomo, musadule thabwa la pansi mpaka zomatira zitagwira, maola 24 kapena kuposa. Mukatero, dulani ndi sowo yamanja, ndipo mamilimita otsiriza mumalize pang'onopang'ono. Pakati pa matabwa ikani mineral wool (ubweya wopangidwa ndi miyala kapena galasi) ya 25 mm kapena kuposa yochepetsa phokoso, mutseke ndi plasterboard ya 12.5 mm. Poyatsanso zotenthetsera, kwezani pang'onopang'ono kwa masiku angapo.

Mukaboola paipi mwangozi, geji ya mphamvu ya madzi pa boiler (makina otenthetsa madzi), imene imakhala pa 1 mpaka 1.5 bar, imayamba kutsika, ndipo nthawi zina madzi saoneka msanga. Tsekani paipi imeneyo pa manifold, pamene mapaipi onse a pansi amakumana, ndipo itanani pulambala.

Chimene ambiri amaiwala n'chakuti khoma ligawa chipinda, koma paipi ndi thermostat (kachipangizo kowongolera kutentha) zikadali zimodzi. Chipinda chopanda thermostat chimatsatira chinzake, n'chifukwa chake wina amatuluka thukuta wina akunjenjemera.

Ngati nyumba ndi ya lendi, pezani chilolezo cholembedwa kuchokera kwa landilodi, apo ayi dipoziti yanu ipita. Funsaninso a Building Control, oona malamulo a zomangamanga ku khonsolo, za zenera lothawira moto ndi kolowera mpweya. Ku England, m'nyumba ya HMO (ya lendi yokhalamo anthu a mabanja osiyanasiyana) yokhala ndi laisensi, chipinda chogona munthu mmodzi woposa zaka 10 sichiyenera kuchepera 6.51 m², ndipo cha anthu awiri 10.22 m², choncho yezani musanagule thabwa loyamba.