Musanalembe chisamani ku khothi la milandu ing'onoing'ono

Abale a muno mu Harare, wina akakudyerani ndalama musathamangire kwa kalaliki wa khothi chimanjamanja. Yambani mwamulembera wangongoleyo kalata yoitanitsa ndalama zanu, ndipo kope lake musunge, a khothi adzalifuna.

Pa fomu ya chisamani lembani dzina lake la pa chitupa. La "Bambo a Chisomo" lija ndi la kumudzi, khothi silikulidziwa. Adiresi ndiye imagwetsa anthu ambiri: kungoti Mbare kapena Epworth sikokwanira, Messenger of Court, yemwe amakapereka chisamanicho, amafuna nambala ya nyumba ndi msewu, apo ayi chisamani chibwerera, ndalama yanu yolipira yapita.

Nenani bwino ngati ngongoleyo inali ya madola a ku America kapena ZiG, ndalama ya muno mu Zimbabwe. Mauthenga a EcoCash (yotumizira ndalama pa foni) ndi a WhatsApp okhudza ngongoleyo asindikizeni papepala. Musazengereze, ngongole wamba ikapitirira zaka 3 lamulo limaitaya.