Mukapita ku Warsaw, kumbukirani kuti mukuponda pamanda

Amene muli ku UK ndi pasipoti ya Malawi, yambani ndi viza. Chilolezo chokhalira ku Britain sichikulowetsani ku Poland. Mufunika viza ya Schengen, yolowera m'maiko ambiri a ku Ulaya kuphatikizapo Poland, ndipo masiku okaonekera amatha msanga tchuthi chikayandikira. Ndalama za kumeneko ndi zloty, osati euro.

Mukafika, funsani njira ya ku Muranów. Lero mupezako nyumba zosanja ndi amayi akukankha ana m'tingolo, koma mu November 1940 a Nazi, chipani cha Hitler cha ku Germany, anatsekera Ayuda oposa 400,000 mumpanda pamalo amenewa. Mu 1942 ambiri anakwezedwa sitima pa Umschlagplatz, mumsewu wa Stawki, kupita ku Treblinka kukaphedwa. Otsala anati bola kufa tikumenya. Pa 19 April 1943, ndi timfuti towerengeka ndi mabomba a m'mabotolo, analimbana ndi asilikali a Germany, nkupirira pafupifupi mwezi.

Malo amene musawaphonye ndi Miła 18. Osayembekeza chinyumba: ndi kachulu ka udzu, mwala pamwamba. Pansi pake ndi pomwe mtsogoleri wa Ayuda omenya nkhondo aja, Mordechai Anielewicz, anafera ndi anzake pa 8 May, ndipo mitembo sinafukulidwe. Ife tinaleredwa kuti kumanda salowako mwachisawawa, ndiye apa sipojambulitsa mukuseka kuti a kumudzi aone pa Facebook. Timiyala timene mudzaone pamenepo musatole. Ayuda akayendera manda amasiya mwala m'malo mwa nkhata ya maluwa, ndipo nanunso mukhoza kuikapo wanu.

Chapafupi pali POLIN, nyumba yosungiramo mbiri ya zaka 1,000 za Ayuda ku Poland. Lachiwiri amatseka. Ipatseni maola atatu, apo ayi mungothamanga ngati wothawa mvula. Pakhomo pake pali chipilala cha mu 1948 chokumbukira Ayuda amene anamenya nkhondo ija, pomwe mtsogoleri wa West Germany, Willy Brandt, anagwada pa 7 December 1970.

Kumanda a Ayuda a mumsewu wa Okopowa abambo amavala chipewa, kusiyana ndi kwathu komwe timavula. Loweruka ndi Sabata, simulowa.

Chimodzi chimasokoneza alendo. Mukangouza wa takisi kuti mukufuna malo okumbukira kuukira, akhoza kukutulani ku Warsaw Rising Museum, yomwe ndi ya nkhondo ina: ya mzinda wonse, yoyamba pa 1 August 1944, ya masiku 63. Nayonso ndi yofunika kuiona, koma tsiku lina. Muuzeni kuti POLIN.